Piritsi la m'chimanga silisankha nankafumbwe yekha

Chimanga chauma, chatonoledwa, ndipo chalowa m'matumba. Ku Raffingora, ku Banket, ku Mutorashanga ndi m'mapulazi a m'mbali mwa mtsinje wa Manyame, ino ndi nyengo imene mwini pulazi amawerenga matani ake, wantchito amawerenga timatumba take, ndipo onse awiri amaopa mdani mmodzi, nankafumbwe. Ndi nyengonso imene chitini cha mapiritsi otuwa chimatuluka m'sitolo ya bwana, ndipo mapiritsi ena, okulungidwa m'kapepala, amayamba kuoneka pamisika. Ambiri a inu mwawagwirapo ndi manja. Ena mwawaponyapo m'thumba la chimanga n'kuliimika pakona ya chipinda chimene ana amagonamo. Tsamba lino likukupemphani kuti chaka chino musatero, ndipo lifotokoza chifukwa chake mokwanira, pakuti munthu wamkulu sayenera kungoletsedwa chinthu popanda kuuzidwa.

Dzina la mankhwalawa ndi aluminium phosphide, ngakhale ambiri amawadziwa ndi mayina a malonda monga Phostoxin. Piritsi lenilenilo silimene limapha tizilombo. Likakumana ndi chinyezi limayamba kufumbutuka ndi kutulutsa mpweya wotchedwa phosphine, ndipo mpweyawo ndi umene umalowa m'njere iliyonse kukapha nankafumbwe, mphutsi zake ndi mazira ake. Piritsi limodzi la magalamu 3 limatulutsa galamu imodzi ya phosphine. Galamu imodzi ikumveka ngati kanthu kochepa, choncho tiyeni tiiwerengere m'nyumba yeniyeni.

Akatswiri amayeza mpweya wotere ndi muyeso wa ppm, kutanthauza magawo angati mwa magawo 1 miliyoni a mpweya umene tikupuma. Lamulo la zantchito ku America limati wantchito asapume phosphine woposa 0.3 ppm pa maola 8 a ntchito, ndipo bungwe la NIOSH la m'dziko lomwelo limati 50 ppm ndi mlingo woika moyo pachiswe nthawi yomweyo. Tsono tengani chipinda cha m'komboni cha mamita 3 m'lifupi, mamita 4 m'litali ndi mamita 2.5 kufika kudenga. Piritsi limodzi likatulutsa mpweya wake wonse m'chipinda chotere chili chotseka, mpweyawo ungafike pafupifupi 24 ppm, kuposa mlingo wololedwa uja maulendo pafupifupi 80. Mapiritsi atatu angadutse mlingo wa 50 ppm. N'zoona kuti palibe nyumba ya m'komboni imene imatsekeka kotheratu. Komabe mu Juni ndi Julaye, pamene chisanu cha ku Mashonaland chafika pachimake, timatseka zitseko ndi mawindo, timatsekanso ming'alu ndi zisanza, n'kugona maola ambiri. Thumba la chimanga silisunga mpweya. Umadutsa m'timabowo take, umadutsa pansi pa chitseko, umakweranso pamwamba pa khoma losafika kudenga n'kulowa kwa mnansi amene sanagule n'komwe piritsi. Ana, amene amagona pansi pafupi ndi matumba ndipo amapuma mofulumira kuposa akulu, ndiwo amayamba kugwidwa.

Ena amati fungo liwachenjeza. Mapiritsiwa amanunkhadi ngati adyo kapena nsomba yowola, koma fungolo limachokera ku zinthu zina zosakanikirana ndi mpweyawo, ndipo silimveka nthawi zonse. Mphuno imazolowera, ndipo munthu amene ali m'tulo sanunkhiza. Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Phosphine akalowa m'mapapo amalepheretsa tizigawo ta thupi kugwiritsa ntchito mpweya wabwino, ndipo mtima ndi mapapo ndizo zimawonongeka koyamba. Munthu amamva mutu, chizungulire, nseru, kusanza, kubanika pachifuwa ndi kutsokomola. Zizindikirozi zimafanana ndi malungo kapena chakudya choipa, kotero banja limatha kum'goneka wodwalayo m'chipinda chomwecho chimene chikum'dwalitsa. Nthawi zina madzi amadzaza m'mapapo patapita maola ambiri, munthu ataoneka ngati wachira. Ndipo mpaka lero palibe mankhwala othetsa poizoni ameneyu. Madokotala amangothandiza mtima ndi kupuma, n'kudikira kuti thupi lilimbe. Ngakhale m'mayiko olemera sanapeze njira ina: mu Januwale 2017, mu mzinda wa Amarillo ku Texas, ana anayi a banja limodzi anamwalira mapiritsi a mtundu womwewu ataikidwa pansi pa nyumba yawo n'kuthiridwa madzi.

Ngati mankhwalawa ali oopsa chotere, kodi mabuku a akatswiri amawaika m'gulu liti? Funsoli likuoneka ngati la anthu a m'maofesi, koma yankho lake limakhudza wantchito mwachindunji.

Mu 1975 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa ndondomeko yogawa mankhwala ophera tizilombo malinga ndi kuopsa kwake. Maziko ake ndi muyeso wotchedwa LD50, umene ndi kuchuluka kwa mankhwala okwanira kupha theka la makoswe amene apatsidwa mankhwalawo kamodzi, kudzera pakamwa kapena pakhungu. Nambalayo ikachepa, kuopsa kumakula. Pa ndondomeko imene ikugwira ntchito masiku ano, mankhwala amene amapha theka la makoswe pa mlingo wosakwana mamiligalamu 5 pa kilogalamu ya thupi, atamwedwa, ali m'gulu Ia, loopsa kopambana. Kuyambira 5 kufika 50 ndi gulu Ib, loopsa kwambiri. Pansi pake pali gulu II ndi gulu III, kenako gulu U la mankhwala amene sayembekezeka kuvulaza msanga akagwiritsidwa ntchito moyenera. Mukafufuza aluminium phosphide m'magulu asanuwa simum'peza. Simupezamo phosphine, methyl bromide, ethylene dibromide kapena chloropicrin. Onsewa anaikidwa pa mndandanda wapadera wa mankhwala ofukiza osapatsidwa gulu, ndipo pafupi ndi dzina lililonse pali zilembo FM.

Chifukwa chake n'chomveka. Muyeso wa WHO unapangidwira zinthu zolowa pakamwa ndi pakhungu, pamene mankhwala ofukiza njira yawo yaikulu ndi mphuno. Sikelo ya pamsika siyeza utsi. WHO sinanene kuti mankhwalawa ndi ofatsa. Inangonena kuti muyeso wake suwakwanira. Koma mawu akuti "alibe gulu" akachoka ku Geneva, n'kudutsa kwa wogulitsa, kwa manijala ndi kwa kapitawo, amatha kufika kwa wantchito atasanduka "alibe vuto". Ngati wina adzakuuzani kuti mapiritsiwa sali pa mndandanda wa mankhwala oopsa kwambiri a WHO, dziwani kuti wanena zoona zimene zingakupheni.

Pali ndondomeko yachiwiri imene imadzaza mpata umenewu. Bungwe la United Nations linaisindikiza koyamba mu 2003, ndipo imadziwika ndi zilembo GHS. Iyo imayezanso zolowa popuma. Pa mpweya, gulu 1, lomwe ndi loopsa kuposa onse, ndi la mpweya umene umapha theka la nyama zoyesedwa pa mlingo wosaposa 100 ppm m'maola 4. Kwa phosphine, mlingo umene unapezeka pa makoswe ndi pafupifupi 11 ppm, kutanthauza kuti ali m'kati mwenimweni mwa gulu loyambalo. Mayiko a European Union, amene amatsatira GHS, amaika aluminium phosphide m'gulu 1 pa zopuma ndi m'gulu 2 pa zomeza, amam'lembanso ngati chinthu chimene chikakhudza madzi chimatulutsa mpweya wotha kuyaka wokha. N'chifukwa chake pachitini pamakhala chithunzi cha chigaza ndi mafupa opingasa, chimene GHS imasungira magulu atatu oyamba, pamodzi ndi chithunzi cha lawi la moto.

Kuno ku Zimbabwe kulinso chizindikiro chathu chimene ambiri munachionapo: kachithunzi ka ngodya zitatu kokhala ndi mtundu. Kobiriwira kamati samalani, kalalanje kamati poizoni, kofiira kamati poizoni woopsa, ndipo kapepo kamati poizoni woopsa kopambana. Mapiritsi a m'chimanga malo awo ndi kumapeto kumeneko. Tsoka lake n'lakuti chizindikiro chimakhala pachitini, osati papiritsi. Wogulitsa akatsegula chitini n'kugawa mapiritsi awiriawiri m'timapepala, chigaza, lawi ndi mtundu wapepo zonse zimatsala m'mbuyo. Chimene chimafika m'manja mwa mayi wa m'komboni ndi kanthu kotuwa kooneka ngati mankhwala a kuchipatala, kamene mwana angatole.

Pano pali mfundo imene tikufuna muigwire. Gulu la mankhwala limangonena mphamvu yawo yovulaza. Silinena ngati mphamvuyo idzakufikani. Zimenezo zimadalira mmene ntchito yakonzedwera: amene amalowa m'shedi ndani, wavala chiyani, waphunzitsidwa kapena ayi, shediyo ili kutali bwanji ndi nyumba za anthu, ndani amasunga kiyi, ndani amanena kuti tsopano mungalowe. Kufukiza koyenera kumachitika pansi pa lona wosatulutsa mpweya, wopsinjidwa m'mbali ndi matumba a mchenga, m'nyumba yosagona anthu. Kumatenga masiku asanu kapena kuposa, ndipo kukazizira kumachedwerapo chifukwa piritsi limafumbutuka pang'onopang'ono. Pambuyo pake pamafunika kutsegula kuti mphepo ipite, ndi kuyeza mpweya ndi chipangizo munthu asanalowe. Kansalu ka pamphuno kotchinga fumbi sikaletsa phosphine ngakhale pang'ono. Pamafunika chigoba chophimba nkhope yonse chokhala ndi sefa yopangidwira mpweya umenewu, ndipo pamene mpweya wachuluka pamafunika botolo la mpweya wabwino kumsana. Pa zonsezi palibe chimene wantchito amalamula. Amene amalamula ndi wolemba ntchito. Choncho ngozi ikachitika, mawu akuti "sanasamale" asamathamangire kugwera pa amene wagona m'chipatala.

Anthu athu akhala akupuma mpweya wa mtunduwu kwa mibadwo. Agogo anu ambiri anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi, kudzalima fodya amene analemeretsa Southern Rhodesia. Kwa zaka zambiri nazale za fodya zinkafukizidwa ndi methyl bromide, mpweya wopanda fungo umene umawononga mapapo ndi ubongo, kotero opanga ankauthira chloropicrin pang'ono kuti maso akayamba kuwawa munthu athawe. Zimbabwe inali m'gulu la mayiko ogwiritsa ntchito mpweyawu kwambiri mu Africa. Unachotsedwa m'minda potsatira pangano la Montreal la 1987, limene mu 1992 linauika pa mndandanda wa zinthu zowononga ozone, ndipo mayiko osauka anapatsidwa mpaka 2015 kuti ausiye. Akatswiri a ku Kutsaga analimbikitsa njira yofesa fodya m'mathireyi oyandama pamadzi, ndipo fodya sanathe. Tikuyamika kuti unachoka. Koma tisaiwale kuti unachotsedwa pofuna kuteteza thambo, pamene chifuwa cha munthu amene ankaboola chitini pansi pa lona chinali chitadandaula kale kwa zaka zambiri popanda womva. Phunziro lake ndi lakuti maboma akafuna, ndalama, akatswiri ndi njira zina zimapezeka.

Kuyambira 2000, pamene malo anagawidwanso, mapulazi ambiri a m'boma la Zvimba anasintha eni, koma mabanja ochuluka anatsala m'makomboni momwemo chifukwa analibe mudzi wina wopitako. Ambiri lero amagwira maganyu a tsiku kapena a nyengo, opanda kalata ya ntchito. Munthu wotere akatumidwa kuti akaponye mapiritsi m'shedi amaopa kufunsa, chifukwa nyumba imene akukhalamo ili pamalo a amene wam'tumayo. Mu Epulo 2018 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la mapulazi a fodya a ku Zimbabwe, kuphatikizapo a ku Mashonaland West, ndipo linapeza kuti antchito ambiri, ngakhale ana, ankagwira mankhwala opanda chidziwitso chokwanira ndi zodzitetezera zoyenera. Kwa ife olankhula Chichewa palinso khoma la chinenero. Malangizo a pachitini amalembedwa m'Chingerezi cha akatswiri ndi zilembo zing'onozing'ono, ndipo akulu ambiri a m'makomboni anakula kutali ndi sukulu.

Komatu malamulo sali chete. Malamulo aakulu a dziko a 2013, m'ndime 65, amapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Mawuwo ndi akuti munthu aliyense, osati nzika yokha. Ndime 6 imatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka ndi boma. Ndime 43 inabwezera unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linali nzika ya dziko la SADC, ngati ankakhala muno pamene malamulowo ankalengezedwa, chinthu chimene lamulo la 2001 linasokoneza kwa anthu ambiri a m'mapulazi. Zimbabwe inavomerezanso pangano nambala 170 la bungwe la ILO lonena za mankhwala pantchito. Panganolo limati chizindikiro chikhale chosavuta kumva kwa antchito, limati wolemba ntchito aziwaphunzitsa, ndipo m'ndime 18 limati wantchito ali ndi ufulu wochoka pamalo pamene ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti moyo wake uli pangozi yaikulu, bola adziwitse woyang'anira msanga, ndipo asalangidwe chifukwa chochoka.

Tikudziwa chimene ena a inu mukunena mumtima: nanga chimanga chathu chidyedwe ndi nankafumbwe? Funsoli si lachibwana. Thumba limodzi likafumbwa mu Okutobala, ndi nsima ya ana ya mu Januwale imene yapita, ndipo piritsi ndi lotchipa. Koma taonani zinthu ziwiri. Choyamba, piritsi loponyedwa m'thumba wamba siligwira bwino ntchito, chifukwa mpweya umathawa usanaphe mazira. Mumapuma poizoni, nankafumbwe n'kubwerera, ndipo amene wapulumuka amabereka ana olimba kuposa iye. Mpweyawo ukatha sutetezanso chimanga ku tizilombo tatsopano. Chachiwiri, njira zina zilipo. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS amene afala ku Malawi, amapha tizilombo pongotimana mpweya popanda mankhwala, ngati chimanga chauma bwino ndipo thumba lamangidwa mosamala. Nkhokwe zamalata zotsekeka bwino zimachita chimodzimodzi. Mankhwala a ufa opangidwira chimanga cha pakhomo aliponso, ndipo alangizi a zaulimi angakuuzeni muyeso wake. Mtengo wa thumba lotere ndi wokwererapo, koma limagwira nyengo zingapo, ndipo mabanja a m'komboni imodzi angasonkherane n'kugula pamodzi.

Kwa eni mapulazi, akale ndi atsopano, tikuti kufukiza kukhale ntchito ya anthu ophunzitsidwa okha, okhala ndi zigoba zoyenera ndi chipangizo choyezera mpweya. Chitini chisungidwe pokiyidwa, pouma. Pakhomo la shedi pakhale chikwangwani cha m'Chishona ndi m'Chichewa chonena tsiku limene munthu angalowe. Mwana, mayi woyembekezera kapena waganyu wobwera lero asatumidwe kumeneko, ndipo mlonda asagone m'shedi yofukizidwa kapena moyandikana nayo. Kwa oyang'anira kalembera wa mankhwala mu unduna wa zaulimi ndi kwa bungwe la EMA, tikuti kugulitsa mapiritsi otayanatayana kuthetsedwe poyambira kwa amene amatulutsa zitini m'masitolo aakulu, osati pongothamangitsa mayi wa pamsika, ndipo chenjezo lilembedwe m'zinenero zimene antchito amalankhula. Kwa NSSA, imene ili ndi udindo wopewa ngozi ndi kulipira ovulala pantchito, tikuti oyendera ake afike m'mapulazi nyengo ino, osadikira maliro. Kwa GAPWUZ ndi makomiti a antchito, tikuti nkhani ya mankhwala ikhale patebulo limodzi ndi ya malipiro. Ndipo boma la Zimbabwe livomereze pangano nambala 184 la ILO lonena za chitetezo pa ulimi, monga Malawi inachitira mu 2019.

Kwa inu owerenga, izi muzisunge pamtima ndipo muwerengere amene satha kuwerenga. Piritsi lisalowe m'nyumba yogona anthu, kapena m'chipinda chogundana nayo, ngakhale ndi lophera makoswe. Musalithire madzi. Ufa wotuwa wotsala ukhoza kukhala usanathe mphamvu, choncho ana ndi ziweto asauyandikire, ndipo musautsekere m'botolo kapena m'chitini. Ngati anthu angapo m'nyumba imodzi ayamba mutu ndi kusanza nthawi imodzi pamene pafupi pali chimanga kapena fodya wofukizidwa, tulukani nonse panja msanga, dzutsani anansi, ndipo pitani kuchipatala ngakhale mutayamba kumva bwino. Musalowe m'shedi kukapulumutsa mnzanu opanda chigoba choyenera, pakuti mudzagwa awiri. Wina akameza piritsi, musam'patse madzi, mkaka kapena mankhwala azitsamba, ndipo musam'sanzitse. Thamangirani naye kuchipatala cha pafupi, kumene angam'tumize ku Banket kapena ku Chinhoyi, m'galimoto yotsegula mawindo. Uzani anamwino dzina la mankhwala, kapena jambulani chitini pa foni muwaonetse. Ngati ngozi yachitikira pantchito, pemphani kuti ilembedwe, sungani makalata a kuchipatala, ndipo dziwitsani a bungwe la antchito. M'nyumba imene muli munthu wosweka mtima kapena wothedwa nzeru ndi ngongole, mapiritsiwa asapezekemo n'komwe, ndipo munthuyo musam'siye yekha.

Mukadzatumidwa kushedi sabata ino, funsani mafunso atatu musanalowe: mwaikamo chiyani, munaika liti, ndipo ndani wayeza mpweya? Safunsa anadya phula. Ngati mukuopa kufunsa nokha, pitani atatu kapena anayi, pakuti n'kovuta kuchotsa ntchito gulu lonse pakati pa nyengo. Ndipo ngati yankho palibe, imani panja.